Amamwa usiku n'kulawira ndi galimoto m'bandakucha: kodi mowa umakhala utatha?

FUNSO

Adokotala, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Nchalo. Amuna anga amayendetsa Sienta ya eni ake, amanyamula anthu kuchokera kuno kupita ku Blantyre. Akaweruka amakhala kaye kubala ndi anzawo mpaka cha m'ma 11 koloko usiku, masiku ena amasakaniza ndi kachasu. Ikamati 4 koloko m'mawa amakhala adzuka, asamba madzi ozizira, amwa tiyi wochuluka masamba, ulendo wayambika. Nthawi zina amamwanso mabotolo awiri masana podikira kuti galimoto idzaze. Ndikawayankhula amati mabotolo awiri ndi madzi chabe, zaka 12 akuyendetsa sanachitepo ngozi, ndipo akalawako pang'ono m'pamene maso amayera. Mwana wathu woyamba amakwera nawo akamapita kusukulu. Kodi ndikungodandaula zachabe? Ngati ayi, ndichite chiyani popanda kupasula banja?

Mayi wa ku Nchalo

YANKHO

Mayi, zikomo polemba. Simukudandaula zachabe ayi, ndipo wina asakutcheni mkazi wolongolola chifukwa cha nkhani imeneyi. Chimene inu mukuchiona pakhomo, ife kuchipatala timachiona chitafika kale pamachira. Ndagwira ntchito zaka zambiri m'zipatala za kuno kuchigwa, kulandira ovulala usana ndi usiku, ndipo madalaivala ochuluka amene ndawasokapo mabala sanali zidakwa zogona m'ngalande. Anali abambo olimbikira ngati a kunyumba kwanuwo, odziwa kona iliyonse ya msewu wawo, olemekezeka pasiteji. Komabe mtima ukhale m'malo pang'ono. Mwalemba madzi asanafike m'khosi, bambo ali moyo, galimoto ili yonse, ndiye pogwira palipo.

Ndiyambe ndi mawu awo akuti akalawako m'pamene maso amayera, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Amuna anuwo sakunama, amamvadi choncho. Mowa ukafika m'mimba sudikira kugayidwa ngati nsima. Umalowa m'magazi, ndipo pakangotha mphindi zochepa umakhala wafika ku ubongo. Kumeneko suyambira kufooketsa miyendo kapena lilime. Umayamba wagoneka mbali ya ubongo imene imamuuza munthu kuti apa chepetsa liwiro, uyu usamupitirire pano, watopa ima kaye. Mbali imeneyo ikafooka mantha amachoka, thupi limapepuka, munthu amadziona katswiri kuposa dzulo. Kuyera kwa maso kumene akunenako ndi mowa womwewo uli pantchito. Kudzandira ndi kulemera lilime zimabwera pambuyo kwambiri. Choncho munthu amene wamwa akamati "ine ndili bwinobwino", wafunsa mboni yoti yaledzera kale.

Malamulo a pamsewu a dziko lino anaika malire pa magalamu 0.08 a mowa m'mamililita 100 aliwonse a magazi. Wofika pamenepo wapalamula, ngakhale akuyenda mowongoka ndi kuyankhula zomveka. Koma ngozi siidikira kuti munthu afike pa malire a lamulo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa maiko kuti malirewo akhale 0.05, ndipo kwa madalaivala achinyamata ndi ongoyamba kumene akhale 0.02, chifukwa chiopsezo chimayamba kukwera mowa ukadali wochepa, ndipo pofika pa 0.04 chimakhala chakwera moonekeratu. Tsono titenge mabotolo awiri aja. Botolo la mamililita 330 la mowa wamba wa m'bala limakhala ndi magalamu pafupifupi 13 a mowa weniweni. Bambo wochepa thupi, wolemera makilogalamu 65, akamwa awiri motsatizana m'mimba muli gwa, akhoza kufika cha pa 0.05. Wapolisi atamuyeza akhoza kumulola kupitirira, koma diso lake ndi phazi lake sizikugwiranso ntchito ngati asanamwe.

Tiyeni tiwaike pamsewu umene amayenda tsiku ndi tsiku. Kuchoka pa Nchalo kudzera pa Bereu mpaka pa Dyeratu msewu ndi wachidikha, umakopa phazi kuti liponde mafuta. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi imodzi yokha. Tiyerekeze kuti mowa wachedwetsa phazi ndi theka chabe la sekondi. Amenewo ndi mamita 11, utali wa ma Sienta awiri ndi theka atandondozana, galimoto ikuyenda mabuleki asanakhudzidwe n'komwe. Ndipo inu mukudziwa zimene zimakhala mumsewu wathuwu: ng'ombe zochokera kudambo zimene zimangolowa osayang'ana, mbuzi, ngolo yopanda nyali, njinga yosenza makala kapena nzimbe zotulukira mbali zonse, thirakitala yokoka nzimbe, wakabaza wotembenuka mwadzidzidzi poona kasitomala, mwana wothamangira mnzake tsidya lina. Chiyambireni namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023, tonse tinaona mmene madzi amasinthira msewu, pamene panali posalala dzulo lero pali dzenje kapena njira yapambali. Dalaivala wabwino amakhala akuwerenga zonsezi nthawi imodzi, diso kutsogolo, diso pagalasi, khutu ku injini. Mowa umalanda luso lomweli loona zinthu zingapo nthawi imodzi. Maso amangoona kutsogolo kokha ngati munthu wosuzumira m'paipi, za m'mbali zimatulukira mochedwa, ndipo usiku akawalidwa ndi nyali za galimoto yobwera kutsogolo, maso amachedwa kubwerera m'malo.

Akawoloka mlatho wa Kamuzu n'kudutsa pa Thabwa, phiri lija limafuna munthu wina, wodekha. Pokwera umatsatira lole ya shuga imene ikukwawa ngati kamba, okwera akung'ung'udza kuti tachedwa, ndipo chimene chimakuletsa kuipitirira pakona posaoneka ndi mantha abwino aja amene mowa umayamba kuchotsa. Potsika, makamaka masana atamwa awiri aja ku Blantyre, pamafunika kuika giya yoyenera kuti mabuleki asatenthe, ndi kuyeza kona isanafike. Sienta inapangidwira anthu 7, koma tonse timaona mmene zimadzazira, katundu mpaka chitseko chakumbuyo kumangidwa ndi chingwe. Galimoto yolemera chotero siima msanga, ndipo kumbali kuli phompho.

Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu si mabotolo a masana. Ndi ulendo wa 4 koloko m'mawa. Apa m'pamene madalaivala abwino ambiri amapusitsika, chifukwa mumtima mwawo amati sindinayendetse nditamwa, ndinagona kaye. Tulo situchotsa mowa. Chimene chimachotsa mowa m'magazi ndi chiwindi, ndipo chimagwira ntchitoyo pa liwiro lake, magalamu pakati pa 7 ndi 10 pa ola kwa munthu wamkulu. Ndiye kuti botolo limodzi limafuna ola ndi theka kapena kuposerapo. Tiwerenge limodzi. Bambo ayamba kumwa 6 koloko madzulo, pofika 11 koloko amwa mabotolo 8. Amenewo ndi magalamu opitirira 100. Chiwindi chikamachotsa magalamu 8 pa ola chifunika maola 13, kutanthauza kuti mowa udzatha cha m'ma 7 koloko m'mawa. Pamene akuliza galimoto 4 koloko, m'thupi mwawo mwatsala mowa wofanana ndi wa munthu amene wangomwa kumene mabotolo awiri. Akakhala kuti anathirirapo kachasu, chiwerengerocho chimasokonekeratu, chifukwa kachasu alibe pepala lonena mphamvu yake. Wa masau ndi wa shuga ndi gaga amasiyana, wa mayi uyu ndi wa mayi uyo amasiyana, ndipo uja wotuluka koyamba, amene amamutcha mutu, kapu yaing'ono ikhoza kuposa mabotolo angapo. Ngakhale uchema ndi masese zimanka ziwawa pamene zikukhalitsa, uchema wa m'mawa si umodzi ndi wa madzulo.

Onjezanipo tulo. Munthu wofika pakhomo cha m'ma 11 n'kudzuka isanakwane 4 koloko wagona maola osakwana 5, ndipo tulo ta mowa n'tosakhutitsa, munthu amadzukadzuka, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala pamene kuno ngakhale pakati pausiku mphasa imatentha. Kusowa tulo pakokha kumachedwetsa ubongo. Kukakumana ndi mowa wotsalira, pamabwera kusinza kwa kanthawi kochepa kumene mwini wake sakuzindikira n'komwe. Maso ali chitsegulire, manja ali pachiwongolero, koma munthu palibe. Masekondi atatu otero pa liwiro la 80 ndi mamita 66. Madalaivala angapo amene ndawafunsa pabedi kuti chinachitika n'chiyani amayankha mofanana: "Ndinangozindikira tili kutchire."

Madzi ozizira ndi tiyi wa masamba ambiri zimamudzutsa munthu, koma mowa uli m'magazi sizikuukhudza. Khofi chimodzimodzi. Zakumwa zopatsa mphamvu zija achinyamata amakonda kusakaniza ndi mowa ndimaziopa kwambiri, chifukwa zimabisa kutopa kumene kukanamuchenjeza munthu kuti asayendetse. Ena kuno amati kutentha kwa chigwa chino kumatulutsa mowa m'thukuta. Umene umatuluka m'thukuta, mumkodzo ndi mumpweya ndi wochepa, sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10, wotsalawo umadikira chiwindi. Kudya nsima musanamwe n'kwabwino ndithu, mowa umalowa m'magazi pang'onopang'ono, koma umalowabe wonse. Kutafuna chingamu, adyo kapena mtedza kumangobisa fungo kwa okwera, makina a apolisi amayeza mpweya wochokera m'mapapo. Ndipo kuchotsa matsire ndi botolo lina m'mawa ndiko kuthira palafini pamoto.

Za zaka 12 zopanda ngozi, ndikuwayamikira, si zapafupi pamsewu umenewu. Koma kuno kuchigwa timadziwa bwino tanthauzo la mawu akuti linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Dalaivala woledzera sachita ngozi ulendo uliwonse, maulendo ambiri amafika bwino chifukwa palibe chimene chinamuyesa. Tsiku limene ng'ombe idzalowe mumsewu pa mamita 30, ndi pamene padzaoneke kuti phazi linali lachangu kapena ayi. Chinanso, munthu amene wamwa zaka zambiri thupi limazolowera, saoneka woledzera ngakhale atamwa wambiri, ndipo anzake amamutama kuti ndi wolimba mutu. Kuzolowerako kumabisa kudzandira, koma muyezo wa mowa m'magazi umakhala womwewo, ndipo pa chinthu chodzidzimutsa amachedwabe. Kwa ife achipatala, munthu wofuna mabotolo ochuluka kuti amve zimene kale ankamva ndi awiri si wolimba mutu, ndi munthu amene mowa wayamba kumumanga.

Simunandifunse za zotsatira zake, mwina chifukwa mumaziganizira kale usiku mukamadikira kumva galimoto ikulowa. Ndinenako zochepa zimene anthu saziganizira. Anthu amaopa imfa, koma ovulala ndiwo ambiri, ndipo kuvulala kuli ndi ulendo wake wautali. Fupa la ntchafu likathyoka munthu akhoza kugona pabedi mwendo uli pa chitsulo chokoka kwa milungu yambiri. Wovulala mutu kapena msana timamutumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kukwera phiri lomwe lija ndi ambulansi, ndipo kwa wovulala wochokera ku Bangula, ku Nsanje kapena ku East Bank, maola a panjirawo ndi ambiri kwa munthu amene akutaya magazi. Womudikirira kuchipatala mudzakhala inu, munda uli pomwepo, ana ali kwa eni. Wothyoka msana akabwerera kumudzi amafuna womutembenuza, womusambitsa, ndipo m'kutentha kwathu kuno zilonda za pabedi sizichedwa.

Ku mbali ya lamulo, woyendetsa ataledzera akhoza kulipitsidwa chindapusa, kulandidwa chiphaso choyendetsera kapena kumangidwa, ndipo pakafa munthu mlandu umakula kukhala wopha munthu chifukwa choyendetsa mosasamala. Kwa bambo amene chiphaso ndiye khasu lake, kulandidwa kokhako ndi njala pakhomo. Mapangano ambiri a inshuwalansi salipira kuwonongeka kwa galimoto ngati woyendetsa anali atamwa, ndiye mwini Sienta adzayang'ana kwa amuna anu, ndi kwa inu.

Palinso china chimene sichilembedwa pa fomu ya apolisi. Ndimakumbukira dalaivala wina amene anangochekeka pamphumi, ndinamusoka n'kumuuza kuti ali ndi mwayi. Anandiyang'ana osayankha. Anali atagunda mtsikana wa sukulu amene ankayenda m'mbali mwa msewu m'mamawa, ndipo mtsikanayo anamwalira tisanamutumize. Bamboyo anali atamwa usiku wake, osati m'mawa umenewo. Kwa miyezi ingapo ankabwera kudzadandaula mutu, kusowa tulo, mtima kuthamanga, ndipo tikamuyeza sitinkapeza kanthu. Tsiku lina anandiuza kuti akangotseka maso amaona chikwama cha mabuku chili pa tala. Kuno timadziwana, wogundidwa amakhala mwana wa munthu amene mumapemphera naye kapena kugula naye pamsika umodzi.

Tsono muchite chiyani? Choyamba n'chimene chili m'manja mwanu lero lomwe: mwana asakwere galimotoyo tsiku limene bambo ake anamwa usiku kapena masana ake. Musachite mokalipa kapena mowachititsa manyazi pagulu. Konzani ndalama ya minibasi ina, kapena anyamuke tsiku lina. Pa ichi chokha musagonje, ngakhale atakwiya. Abambo ambiri amene sanamve mawu anamva ataona kuti mayi wa ana awo sakuwakhulupiriranso ndi mwana wawo yemwe.

Poyankhula nawo sankhani nthawi. Usiku atangofika kuchokera kubala mukhala mukuyankhula ndi mowa, ndipo m'bandakucha akuthamangira okwera mudzangokangana. Dikirani tsiku limene apuma, adya, mitima ili pansi. Musayambe ndi mawu akuti ndinu chidakwa, chifukwa mukatero adzayamba kuteteza ulemu wawo, nkhani ya msewu n'kuiwalika. Yambani ndi mantha anu, kuti simugona mpaka mutamva kuti afika. Kenako awonetseni chiwerengero cha maola chija. Ndaona kuti madalaivala amakana ulaliki koma samakana masamu, chifukwa ntchito yawo ndi yowerengera mafuta, mtunda ndi nthawi. Ambiri sanauzidwepo kuti mowa wa usiku umafika m'mawa.

Ndipo musawapemphe chinthu chachikulu kwambiri tsiku loyamba. Mukati siyiretuni mowa lero, mwina adzalonjeza kuti mukhale chete, Loweruka n'kubwerera. Pemphani kuti mowa ndi kiyi zisiyane. Tsiku loyendetsa asalawe ngakhale limodzi mpaka galimoto itaimikidwa, ndipo podikira okwera masana amwe thobwa, maheu kapena madzi, amene m'kutentha kuno thupi limawafunadi. Usiku woti mawa alawira, asamwe. Akafuna kumwa, ukhale usiku woti mawa lake akupuma, galimoto aisiye kunyumba kiyi ali ndi inu, abwere wapansi kapena ndi wakabaza amene sanamwe nawo. Akapezeka kuti amwa mosayembekezera, kumaliro kapena kuukwati, mawa lake anyamuke mochedwa kapena apemphe mnzawo wodalirika wokhala ndi chiphaso, mogwirizana ndi mwini galimoto. Pangano limeneli lipangidwe iwo asanamwe, chifukwa botolo loyamba likangolowa mbali ya ubongo yochenjeza ija yagona. Adzakuuzani kuti ulendo wa m'mamawa ndiwo uli ndi ndalama, ndipo bwana amafuna yake yokwana madzulo. Akunena zoona, musawatsutse. Koma muwerenge nawo ndalama imene imatsala kubala pa mlungu, mudzapeza kuti nthawi zambiri imaposa ya ulendo umodzi umene akuopa kutaya.

Mutu umodzi susenza denga, mayi. Ngati mawu anu okha sakulowa, pitani kwa ankhoswe, nkhani iyi ndi yawo ndithu chifukwa ikukhudza moyo wa banja lonse. Ganizirani munthu amene amuna anu amamumvera, kaya ndi atsibweni awo, achimwene awo aakulu, abusa kapena shehe, kapena dalaivala wachikulire wa pasiteji pawo. Kawirikawiri mawu a dalaivala mnzawo amene anaonapo zoopsa amalemera kuposa a dokotala. Kuuza mwini galimoto kapena apolisi ndi chinthu cholemera, ndikudziwa, chifukwa mphika wanu womwe umadalira ntchitoyo, ndipo sindingakuuzeni kuti muyambire pamenepo. Koma tsiku limene mudzawaone akudzandira kiyi ali m'manja, okwera akudikira, musaope kuitana achibale kapena anansi kuti awaletse, ndipo zikakanika imbirani apolisi. Kuchita manyazi tsiku limodzi kumapiririka. Ngati nkhaniyi imabweretsa ndewu m'nyumba, musalimbane nawo nokha polanda kiyi. Dzitetezeni kaye inu ndi ana, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit imene imathandiza pa nkhanza za m'banja.

Pali zizindikiro zimene zikaoneka, nkhani yachoka pa khalidwe yafika pa matenda. Ngati manja amanjenjemera m'mawa mpaka atalawako, ngati amatuluka thukuta ndi kuchita nseru akapanda kumwa, ngati analonjezapo kangapo kusiya koma osatha masiku atatu, ngati amaiwala zimene zinachitika usiku, kapena mowa wayamba kudya ndalama ya bwana ndi ya chakudya, abwere kuchipatala. Ndikuchenjezeni mwapadera: munthu wofika pamenepa asasiye mowa mwadzidzidzi payekha kunyumba. Pakatha tsiku limodzi mpaka atatu akhoza kukomoka ngati wakhunyu, kuona zinthu zoti palibe, kusokonezeka mutu, ndipo ena amafa nazo. Anthu amathamangira kwa asing'anga poganiza kuti walodzedwa, chonsecho ndi thupi likufuna mowa umene linazolowera. Kuchipatala tili ndi mankhwala omuthandiza kudutsa masiku amenewo bwinobwino. Yambirani pachipatala cha boma cha Chikwawa kapena cha Nsanje, kapena chimene muli nacho pafupi, mufunse anamwino oona za matenda a maganizo. Musachite mantha ndi dzinalo, ndiwo anaphunzira za kumwa mwauchidakwa. Pakafunika thandizo loposa apo akhoza kukutumizani ku Zomba Mental Hospital, ndipo a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu alinso ndi ndondomeko yothandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Akabwera, atiuzenso mankhwala ena amene akumwa. Piritoni, mankhwala ena a chifuwa, a khunyu ndi ogonetsa akakumana ndi mowa tulo timachuluka kwambiri, ndipo kwa wodwala shuga mowa ukhoza kutsitsa shuga m'magazi mpaka kukomoka ali pachiwongolero. Chamba ndi mowa pamodzi ndiye n'zoopsa kuposa chilichonse pachokha.

Zonse ndanenazi zikukhudzanso achimwene athu a kabaza, a njinga yamoto ndi yakapalasa yomwe, ndipo iwo alibe chitsulo chowatchinga. Inuyo mukamakwera kabaza madzulo a tsiku la msika pa Ngabu kapena pa Miseu Folo, muyankhuleni kaye mnyamatayo muli pafupi. Mukamva fungo, mulekeni apite, dikirani wina.

Chomaliza ndikufuna muchisunge, ngakhale ndikupemphera kuti musadzachigwiritse ntchito. Munthu amene wamwa akachita ngozi kapena kugwa panjinga n'kumenyetsa mutu, musamugoneke kuti mowa uthe. Ndinalandirapo mnyamata wa kabaza amene anzake anamutola madzulo atagwa, anaona kuti akununkha kachasu ndipo akuyankhula zosamveka, n'kukamugoneka m'nyumba kuti adzuka bwino. Anabwera naye m'mawa atalephera kumudzutsa. Magazi anali akuundana m'mutu usiku wonse, ndipo tinalibenso chochita. Kuledzera ndi kuvulala ubongo zimaoneka mofanana, ngakhale ife zimativuta kusiyanitsa. Wotere apite kuchipatala usiku womwewo, makamaka ngati anakomokapo ngakhale pang'ono, akusanza, akusinza mosadzutsika, akutuluka magazi kapena madzi m'khutu kapena m'mphuno, akugwedezeka ngati wakhunyu, kapena mbali imodzi ya thupi yafooka. Pomunyamula musapinde khosi, mutu ndi msana zikhale mowongoka, pa thabwa kapena chitseko ngati chilipo. Akayamba kusanza, mutembenuzeni thupi lonse pamodzi chammbali, wina atagwira mutu, kuti masanzi asalowe m'mapapo. Musamupatse madzi, mkaka kapena chakudya panjira, ndipo mukafika muwauze achipatala zoona zake, kuti wamwa chiyani, wochuluka bwanji, ndiponso nthawi yanji.